Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Sydney pandege: mtunda wake ndi wotalika bwanji?

Bambo wina wa ku Lilongwe, amene mwana wake akuphunzira mumzinda wa Sydney ku Australia, akukonzekera ulendo wokamuona podzera ku Johannesburg, koma manambala amene wapeza amusokoneza mutu. Penapake alemba kuti mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi ndi 11,040, pena 6,860, penanso 5,960. Pa tikiti, ulendo wopita ndi wa maola pafupifupi 12 pomwe wobwerera ndi wa maola 14, chonsecho mizinda yake ndi yomweyo. Mwana wawoyo anawauzanso kuti pamapu a kumbuyo kwa mpando ndege inkaoneka ikukhotera kummwera kwambiri m'malo molunjika kummawa. Funso lawo ndi lakuti: mtunda weniweni ndi uti, nanga kampani ya ndege siwazungulitsa dala anthu?

Bambo, manambala atatu amene mwapezawo onse ndi olondola, ndipo akunena za mtunda umodzi womwewo, kungoti miyeso yake ndi yosiyana. Kuchokera pabwalo la ndege la O. R. Tambo ku Johannesburg kukafika pabwalo la Kingsford Smith ku Sydney, njira yaifupi kuposa ina iliyonse ndi ya makilomita pafupifupi 11,040. Mukawerengera m'mamailosi amene tinazolowera m'misewu kale, pomwe mailosi imodzi ndi mamita 1,609, mupeza 6,860. Oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi ali ndi mailosi yawoyawo, yotalika mamita 1,852, ndipo m'muyeso umenewo mtundawu ndi 5,960. Ngati mungapeze kuti wina walemba nambala yosiyana ndi imeneyi ndi makilomita 10 kapena 20, musadandaule, chifukwa ena amayeza kuchokera pakati pa mzinda osati pabwalo la ndege, ndipo ena amawerengera ngati dziko ndi lobulungira ndendende pomwe kwenikweni ndi lophwatalala pang'ono kumapeto a kumpoto ndi kummwera.

Nambala imeneyi sanaipeze poyeza ndi chingwe panyanja, anaipeza ndi masamu amene wophunzira wa sekondale angathe kuwatsatira. Johannesburg ili madigiri 26 kummwera kwa ikweta ndi madigiri 28 kummawa kwa mzere wa Greenwich, umene umadutsa ku London ndipo ndi poyambira kuyeza za kummawa ndi kumadzulo, pomwe Sydney ili madigiri 34 kummwera ndi madigiri 151 kummawa. Mutajambula mizere iwiri kuchokera pakatikati penipeni pa dziko, wina kupita ku Johannesburg wina ku Sydney, mizereyo ingatalikirane ndi madigiri oposa pang'ono 99. Popeza kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000, digiri iliyonse imaimira makilomita 111, ndipo mukachulukitsa 99 ndi 111 mufika kufupi kwambiri ndi 11,000. Kunena kwina, ulendo wanuwu ndi woposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wozungulira dziko lonse lapansi.

Tsopano ku nkhani ya kukhota, imene ndikuona kuti ndiyo yakuvutitsani maganizo kwambiri. Ndegeyo sikhota ayi. Chimene chimakhota ndi mapu. Tengani lalanje, mubaye timitengo tiwiri pambali pake, tonse chakumunsi kwa pakati koma motalikirana, kenaka mukoke ulusi pakati pa timitengoto mpaka ukungike. Muona kuti ulusiwo sutsatira mzere wozungulira lalanje chopingasa, koma umatsetserekera kumunsi, kumene lalanjelo ndi lochepa, chifukwa kumeneko ndiko kuli kwachidule. Mukasenda lalanjelo n'kuyesa kuyala khungu lake patebulo, ling'ambika kapena mulikoka mpaka lisinthe maonekedwe. Wojambula mapu a dziko papepala amakumana ndi vuto lomwelo, ndipo palibe amene analithetsa popanda kupotoza kanthu kena.

Mapu ambiri amene tinakula tikuwaona pakhoma la kalasi amatsatira njira imene Gerardus Mercator anafalitsa mu 1569. Iye ankafuna kuthandiza amalinyero, kuti mzere wowongoka pamapu ukhale njira imene munthu angaitsate ndi kampasi osasintha kolowera, ndipo pa ntchito imeneyo mapu ake ndi abwino zedi. Vuto lake ndi lakuti madera akutali ndi ikweta amatambasulidwa mopitirira muyeso. N'chifukwa chake chilumba cha Greenland chimaoneka ngati chikulingana ndi Africa, pomwe Africa ndi yaikulu kuchiposa pafupifupi maulendo 14. Pamapu oterewa nyanja za kummwera zimaoneka zotambalala kwambiri kuposa mmene zilili, choncho njira yodzera kumeneko imaoneka ngati uta wautali, pomwe padziko lenilenilo ndiyo yowongoka. Akatswiri a za maulendo amaitcha njira imeneyi great circle, chifukwa mutaipitiriza mbali zonse ziwiri ingazungulire dziko n'kuligawa magawo awiri ofanana.

Tiyeni tiitsate njirayo pafupi. Ndege yotsatira mzere umenewu ikanyamuka ku Johannesburg siloza kummawa, imaloza pakati penipeni pa kummwera ndi kummawa. Imadutsa pamwamba pa chigawo cha KwaZulu-Natal n'kutulukira kunyanja chapakati pa Durban ndi Richards Bay, ndipo kuchokera pamenepo pansi pamakhala madzi okhaokha kwa maola ochuluka. Madagascar ndi Mauritius zimatsala kutali kudzanja lamanzere. Ikamafika chapakati pa nyanja ya mchere ya Indian imadutsa kufupi ndi zilumba za Kerguelen, zozizira ndi zamphepo, zimene zili m'manja mwa dziko la France ndipo kumakhala ofufuza za sayansi ochepa chabe. Imapitirira kutsika mpaka madigiri 50 kummwera kwa ikweta, kutanthauza kummwera kwambiri kuposa nsonga ya Africa, imene imathera pa madigiri osakwana 35. Ikafika pamenepo imayamba kukweranso pang'onopang'ono, n'kulowa mu Australia cha ku Melbourne, kenaka n'kufika ku Sydney kuchokera kummwera chakumadzulo. Woyendetsa ndege akanati atsatire mzere umene umaoneka wowongoka pamapu a Mercator, akanawonjezera makilomita pafupifupi 800, amene ndi ulendo wa pafupifupi ola lathunthu ndi mafuta ochuluka zedi. Kampani ya ndege ilibe chifukwa chokuzungulitsani, popeza mafuta ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaidyera ndalama zambiri, ndipo mtengo wa tikiti mumakhala mutalipira kale.

Komabe makilomita 11,040 amenewa ndi mtunda wa papepala. Mtunda umene ndege yanu idzauluke tsiku limenelo udzakhala wosiyanako, ndipo choyamba chimene chimausintha ndi mphepo. Kumwamba kumene ndege zazikulu zimauluka, makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, kuli mikwasa ya mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, imene imaomba kuchokera kumadzulo kupita kummawa. Liwiro lake nthawi zambiri limaposa makilomita 150 pa ola, ndipo nthawi zina limadutsa 300. Kummwera kwa dziko mphepo za kumadzulo zimenezi ndi zosatopa, chifukwa pakati pa madigiri 40 ndi 60 kulibe mtunda waukulu kapena mapiri ambiri ozitchinga. Amalinyero a sitima za matanga ankadalira mphepo za m'dera lomweli popita ku Australia zaka mazana apitawo. Njira ya ku Sydney imadutsa m'dera limeneli kwa nthawi yaitali.

Ndege yaikulu imathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola poyerekeza ndi mpweya umene ikuulukamo, osati poyerekeza ndi nthaka. Tiyerekeze kuti paulendo wonse mphepo ikuomba pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Popita ku Sydney mphepoyo ili kumbuyo, ndiye kuti poyerekeza ndi nthaka ndege ikuyenda makilomita 1,000 pa ola, ndipo mtundawo iumaliza m'maola 11. Pobwerera mphepo yomweyo ili kumaso, liwiro latsika kufika pa 800, ndipo ulendowo utenga maola pafupifupi 14. Mukawonjezera nthawi yoyenda pansi pabwalo musananyamuke ndi mutatera, mufika pa manambala amene ali pa tikiti yanu. Onaninso kuti nthawi imene mphepo imakulandani pobwerera ndi yochuluka kuposa imene inakupatsani popita, chifukwa ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana nayo kusiyana ndi nthawi imene imakankhidwa nayo.

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amati kusiyanaku kumabwera chifukwa dziko limazungulira pansi pa ndege. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo mungawatsutse nokha. Dziko limazungulira kulowera kummawa, choncho zikanakhala kuti ndege imangoyandama dziko n'kumasuntha pansi pake, ulendo wopita kumadzulo ndiwo ukanakhala waufupi, pomwe tikiti yanu ikuonetsa zosiyana. Zoona zake n'zakuti mpweya, bwalo la ndege ndi ndege yomwe zimazungulira limodzi ndi dziko. Kuzungulira kwa dziko kumalowa m'nkhaniyi mwanjira ina: mpweya wotentha wa ku ikweta ukamasunthira kumadera ozizira, kuzungulirako kumaupatutsira kummawa, ndipo umu ndi mmene mphepo za kumadzulo zija zimabadwira.

Pachifukwa chimenechi, ulendo uliwonse usanayambe pamakhala akatswiri amene amakonza njira ya tsiku limenelo poyang'ana malipoti a nyengo. Iwo safuna njira yaifupi m'makilomita, amafuna njira imene idye nthawi ndi mafuta ochepa. Popita ku Sydney amailowetsa dala ndege mumkwasa wa mphepo kuti iikankhe. Pobwerera amaithawitsa, ndipo kawirikawiri njira yothawira ndi kutsika kummwera kwambiri, kupitirira madigiri 60, kumene mphepo imakhala itachepa mphamvu. Makilomita amachuluka koma maola amachepa. Pamasiku otere, kumwamba kukakhala kopanda mitambo, apaulendo a pawindo la kumanzere amatha kuona madzi oundana a m'nyanja zozungulira Antarctica, dera lozizira kwambiri la kumapeto a kummwera kwa dziko, zoyera mbee mpaka kumene maso alekezera. Ndikadakhala inu ndikadapempha mpando wa pawindo la kumanzere paulendo wobwerera, popeza ulendo wochokera ku Sydney umachitika masana, ngakhale palibe angakulonjezeni kuti tsiku lanu njira idzadzera kumeneko.

Chachiwiri chimene chimasintha mtunda ndi lamulo la chitetezo, ndipo panjira iyi lamuloli ndi lolemera kuposa panjira zambiri zapadziko. Ndege iliyonse iyenera kukhala ndi bwalo limene ingathamangireko ngati injini yazima, ngati m'ndege mwabuka moto, kapena ngati wapaulendo wadwala mwakayakaya. Pakati pa South Africa ndi Australia mabwalo otere ndi owerengeka: Durban kumbuyo, Réunion ndi Mauritius kumpoto, Perth, Hobart ndi Melbourne kutsogolo. Ku Kerguelen kulibe bwalo la ndege. Kale ndege ya injini ziwiri sinkaloledwa kutalikira bwalo lotere kupitirira ulendo wa mphindi 60 pa injini imodzi. Injini zitayamba kudalirika, malire amenewa, amene amadziwika ndi dzina lakuti ETOPS, anawonjezedwa kufika pa mphindi 120 mu 1985, kenaka 180 zaka zochepa pambuyo pake, ndipo mu 2014 ndege ya Boeing 787 inaloledwa kufika pa mphindi 330. Chifukwa cha malire amenewa, kwa zaka zambiri kampani ya ndege ya ku Australia ya Qantas inkagwiritsa ntchito Boeing 747, ya injini zinayi, panjira ya Sydney ndi Johannesburg. Pamene kampani ya V Australia inayamba maulendo a pakati pa Melbourne ndi Johannesburg mu 2010 ndi Boeing 777 ya injini ziwiri, inkayenera kudzera chakumpoto kuti isatalikire mabwalo othawirako, ndipo ulendo wake unkatalika. Apa mukuona kuti ndege ziwiri zochoka malo amodzi kupita malo amodzi zingauluke mitunda yosiyana chifukwa cha mtundu wa ndegeyo basi. Qantas itasiya ndege za 747 mu 2020 inaika 787 panjirayi, ndipo chakumapeto kwa 2024 inabweretsa Airbus A380, yomwenso ili ndi injini zinayi.

Kuti muone kumene tachokera, Qantas inatsegula njira ya pakati pa Australia ndi South Africa mu 1952 ndi ndege ya Lockheed Constellation. Ndegeyo sinkatha kunyamula mafuta okwanira kuwoloka nyanja kamodzi, motero inkaima ku Melbourne, Perth, zilumba za Cocos ndi Mauritius isanafike ku Johannesburg, ndipo ulendowo unkatenga masiku oposa awiri.

Ndale nazo zimatalikitsa njira. Panjira yanuyi vutoli ndi lochepa chifukwa mbali yaikulu ndi nyanja yopanda mwini, koma maulendo ena ochokera pabwalo lomweli la Johannesburg alawapo zowawa zake. Kuyambira mu 1963 mayiko ambiri a mu Africa analetsa ndege za South African Airways kudutsa mumlengalenga mwawo pokana ulamuliro wa tsankho, ndipo ndege zopita ku Ulaya zinkazungulira panyanja kumadzulo kwa Africa, n'kumaima malo ngati Ilha do Sal ku Cape Verde kuti zimwe mafuta. Masiku ano chitsanzo chodziwika ndi cha mlengalenga mwa Russia, umene unatsekedwa kwa makampani a ku Ulaya mu 2022, moti ulendo wa Helsinki kupita ku Tokyo, umene unkatenga maola pafupifupi 9, tsopano umatenga pafupifupi 13. Nyanja ya kummwera nayo ili ndi zosokoneza zake zachilendo: kumayambiriro kwa 2025 Qantas inalengeza kuti maulendo ena a Sydney ndi Johannesburg ankachedwa chifukwa cha machenjezo akuti zidutswa za maroketi a kampani ya SpaceX zigwera m'dera limene ndegezo zimadutsa.

Pali chinthu chinanso chokhudza Johannesburg chimene apaulendo ambiri sachidziwa. Bwalo la O. R. Tambo lili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pamene pali nyanja, ndipo pamalo okwera chotero mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha. Mapiko sanyamula bwino ndipo injini sizikoka ndi mphamvu zake zonse, choncho ndege yodzaza imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Msewu waukulu wa pabwalopo ndi wotalika makilomita oposa anayi. Ngakhale zili choncho, pali malire a kulemera kumene ndege inganyamuke nako, ndipo mafuta a ulendo wautali ndi katundu wolemera matani ochuluka. Ichi ndi chifukwa chake kwa zaka zambiri ndege za South African Airways zopita ku New York zinkaima panjira, ku Ilha do Sal kapena ku Dakar, kuti ziwonjezere mafuta. Panjira ya ku Sydney zinthu zinagwa bwino: ulendo wofuna mafuta ambiri, wolimbana ndi mphepo uja, umayambira ku Sydney kumene bwalo lili m'mphepete mwa nyanja ndipo mpweya ndi wolemera, pomwe ulendo wonyamukira pamalo okwera ndi umene mphepo imauthandiza.

Zonse ndafotokozazi zikukhudza ulendo wosaima panjira. Mukagula tikiti yodzera mzinda wina, mtunda umasintha kwambiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muchenjere. Kudzera ku Perth sikuwonjezera zambiri, chifukwa Johannesburg kukafika ku Perth ndi makilomita pafupifupi 8,300 ndipo Perth kukafika ku Sydney ndi pafupifupi 3,300, zonse pamodzi 11,600. Kudzera ku Singapore ulendo wonse umafika pafupifupi makilomita 15,000. Kudzera ku Dubai mumayamba mwapita kumpoto makilomita pafupifupi 6,400, kenaka n'kubwerera kummwera chakummawa makilomita ena 12,000, kutanthauza mtunda woposa 18,000, ndipo gawo lachiwiri lokhalo ndi lalitali kuposa ulendo wonse wolunjika kuchokera ku Johannesburg. Nthawi zina tikiti yozungulira chonchi ndiyo imakhala yotsika mtengo, chifukwa mtengo umatsatira mpikisano wa makampani ndi kuchuluka kwa ofuna kukwera, osati makilomita. Kwa wachinyamata kupulumutsa ndalamako kungakhale koyenera. Kwa munthu wamkulu, makamaka wovutika ndi miyendo, msana kapena kuthamanga kwa magazi, maola ena 8 kapena 10 okhala pampando si nkhani yaing'ono, ndipo ine ndingalangize njira yolunjika ngati thumba likulola. Pamwamba pa zonsezi muwonjezere gawo lanu loyamba, kuchokera pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg, lomwe ndi makilomita pafupifupi 1,500, ulendo wa maola awiri ndi theka.

Powerenga tikiti, kumbukirani kuti nthawi iliyonse yolembedwapo ndi ya mzinda umene watchulidwawo. Malawi ndi South Africa ali ndi nthawi imodzi, koma Sydney ili patsogolo ndi maola 8, ndipo kuyambira Lamlungu loyamba la October mpaka Lamlungu loyamba la April imakhala patsogolo ndi maola 9 chifukwa kumeneko amasuntha wotchi m'nyengo yotentha. Mwachitsanzo, mutanyamuka ku Johannesburg 6 koloko madzulo m'mwezi wa July n'kuuluka maola 12, wotchi ya pamkono panu idzati 6 koloko mmawa pomwe ku Sydney idzakhala 2 koloko masana a tsiku lotsatira. Pobwerera m'mwezi womwewo, mutanyamuka ku Sydney 10 koloko mmawa n'kuuluka maola 14, mudzatera ku Johannesburg 4 koloko masana a tsiku lomwelo, thupi lanu likumva ngati ndi pakati pa usiku. Popeza ulendo wobwererawu ndi umene umadalira kwambiri mphepo ndipo ungachedwe, musasankhe ndege ya ku Lilongwe yonyamuka patangopita ola limodzi kapena awiri mutatera. Funsani amene akukugulitsani tikiti ngati tsiku limenelo kuli ndege ya madzulo yopita ku Malawi, ndipo ngati kulibe, konzeranitu malo ogona ku Johannesburg musanachoke kunyumba.